Mwala Woyera wa pa Pulagi ndi Mankhwala Amene Amausintha

Munthu woyenda m'mbali mwa mseu wa Lumumba kapena wa Commonwealth ku Matero amapeza amakaniko pansi pa mitengo ndi m'magalaji a malata, ali kukonza matakisi ndi magalimoto ang'onoang'ono. Pansi, pakati pa mabauti ndi nsanza za mafuta, sipalephera kukhala mapulagi akale otayidwa, amene ana amatola naseweretsa. Pulagi iri yonse iri ndi mbali ziwiri: citsulo, ndi kanthu koyera kosalala konga mbale ya dothi yogula m'sitolo. Ambiri amakayesa galasi, ena amati ndi mwala, koma owerengeka okha ndiwo adziwa kuti kanthu kameneka ndiko kobvuta kupanga koposa zonse za pa pulagi.

Nchito yace ndi yowawa ndithu. Injini ya petulo ikamayenda bwino pamseu, pulagi imodzi imathetheka kokwanira 25 pa sekondi imodzi. Magetsi opita m'kati mwace ali ndi mphamvu ya mavoti 10,000 kufikira 30,000, ndipo kanthu koyerako kayenera kuwachinga kuti asathawire ku citsulo ca injini. Nsonga yace imakhala m'moto, pa kutentha kwa madigiri 500 mpaka 850, pamene mutu wace uli kunja kumphepo. Madigiri amenewa ndi aja amene madzi amawira pa 100. Galasi wamba likadasweka tsiku lomwelo.

Dzina la cinthu cimeneci ndi alumina. Kunena mwacidule, alumina ndiye dzimbiri la aluminiyamu, citsulo copepuka cija ca mapoto. Monga citsulo ca khasu cimagwirizana ndi mpweya nicisanduka dzimbiri lofiira, momwemonso aluminiyamu amagwirizana ndi mpweya nasanduka ufa woyera. Kusiyana kwace ndi kwakuti dzimbiri la khasu ndi lofewa, koma ili la aluminiyamu likapsa bwino ndi lolimba kotero kuti pa muyeso wa kulimba kwa miyala liri pa 9, daimondi ali pa 10. Anthu a kumigodi adziwa kuti mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085. Alumina sasungunuka kufikira moto utapitirira madigiri 2,000.

Alumina ali paliponse pansi pa mapazi a anthu, pakuti dongo liri lonse liri naye. Koma wocuruka wokwanira kukumba amapezeka m'mwala wofiirira wochedwa bauxite. Mwala umenewu unapezeka pa phiri la Mulanje ku Malawi m'caka ca 1924, pamwamba pa malo ochedwa Lichenya, ngakhale sunayambe kukumbidwa kwenikweni. Ndipo ku phiri la Chimwadzulu, m'boma la Ntcheu, kunapezeka m'caka ca 1958 alumina wopsa kale m'ng'anjo ya pansi pa dziko, amene akatswiri a miyala amamucha corundum. Miyala ina ya kumeneko ndi yofiira, ina yobiriwira ngati thambo. Wofiirawo ndiwo rube wa mtengo wapatali, ndipo si kanthu kena koma alumina amene walowedwa ndi kromiyamu pang'ono, gawo limodzi mwa magawo 100 kapena kuceperapo. Pamene palowa citsulo ndi titanium m'malo mwa kromiyamu, mwalawo ukhala safiro. Tsono apa paoneka kale cinsinsi ca nkhani yonseyi: alumina amamvera kanthu kakang'ono kacilendo kamene kamlowa.

Kodi cinthu cimodzi cingakhale bwanji ndi mitundu yambiri? Makala a m'mbaula ndi daimondi ndi cinthu cimodzi, koma tinthu tating'onoting'ono tochedwa maatomu tinakhala mosiyana m'kati mwao. Njerwa 1,000 zotayidwa pamulu ndi njerwa 1,000 zomangidwa m'cipupa ndi njerwa zomwezo, koma mulu umatenga malo ambiri, uli ndi mipata, ndipo mwana akhoza kuugumula. Alumina nayenso ali ndi makhalidwe angapo otere, ndipo ophunzira anawapatsa maina a zilembo za Cigiriki. Njira zace ziripo zingapo, koma yodziwika kwambiri iri motere. Ufa wocokera m'bauxite umakhala ndi madzi omangika m'kati mwace. Ukaikidwa pamoto madziwo amacoka, ndipo pa madigiri ngati 500 pamatsala alumina wochedwa gamma, wodzala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Moto ukakula amasanduka delta, kenaka theta pa madigiri ngati 1,000. Masinthidwe amenewa ndi aang'ono, ali ngati munthu wongosuntha mipando m'nyumba. Koma pafupi ndi madigiri 1,200 nyumba yonse imagwetsedwa nimangidwanso. Maatomu amapanikizana, timabowo timatha, ufa umafwamphuka nucepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo pamaturuka alumina wochedwa alpha, yemwe uja wa ku Chimwadzulu. Ameneyu sabwereranso m'mbuyo, ngakhale moto uzime.

Kusintha komarizaku ndiko kumasautsa amisiri. Alpha sayamba paliponse nthawi imodzi. Amayambira pa malo apatalipatali, nafalikira ngati ciswe m'thabwa, nasiya m'mbuyo mwace tinjira topotokapotoka. Cinthu coumbidwa ndi ufa wa gamma cikaochedwa cimaturuka m'ng'anjo citafota, ciri ndi ming'alu ndi mphako. Cifukwa cace opanga mapulagi amayamba aocha ufa wokha kufikira wonse utasanduka alpha, naupera, ndipo pamenepo ndi pamene amaumba. Koma moto wa madigiri 1,200 umadya mafuta ndi ndalama zambiri, ndipo anthu anafunafuna njira yofulumizira kusinthako.

Amai a ku Matero aidziwa nzeru imeneyi m'khichini. Nyemba zouma zimatha makala ambiri, koma kakang'ono ka soda kapena cidulo kamazifewetsa msanga. Ku ng'anjo za alumina cidulo cace ndi mankhwala a fluoride. Akathira pang'ono, alpha amayamba kuoneka pa madigiri ngati 900, cifukwa fluoride amanyamula aluminiyamu monga nthunzi kumcotsa pa kambeu kena kumka naye pa kena, ndipo maatomu sabvutikanso kuyenda. Koma cidulo cikacuruka ndiwo zimaterera ndi kuwawa. Momwemonso fluoride amakulitsa timibulu ta alpha nititambalala ngati mamba a nsomba, ndipo ufa wotere ndi wabwino popukutira zitsulo koma wobvuta kuumba.

Njira yina ndi yokongola koposa, pakuti siifuna mankhwala acilendo konse. M'zaka za 1984 ndi 1985, Masato Kumagai ndi Gary Messing a ku Pennsylvania State University ku America anaonetsa kuti munthu akasakaniza ufa wosalala kwambiri wa alpha wopsa kale m'phala la alumina wosapsa, magawo osakwana 2 mwa 100, kambeu kali konse kamakhala poyambira pa kusintha. M'malo mwa ciswe ca apa ndi apo, alpha amamera ponseponse nthawi imodzi, pa kutentha kocepa ndi madigiri oposa 150, ndipo timibulu tace timakhala tating'ono ndi tofanana. Dzimbiri lofiira la citsulo limacitanso cimodzimodzi, cifukwa maatomu ace anakhala mofanana ndi a alpha. Alumina wobzalidwa mbeu cotere ndiye ali m'miyala yina yonolera ya makono imene owocherera zitseko ndi mawindo amagwiritsa nchito.

Koma pali mlendo wina amene palibe amamuitana, ndiye soda. Kuyambira caka ca 1888, pamene Carl Josef Bayer anapeza njira yace, alumina amacotsedwa m'bauxite pophika mwalawo m'madzi a soda waukali. Ngakhale atsuke cotani, soda wina amakanirira mu ufa, kawirikawiri magawo 3 kufikira 5 mwa magawo 1,000. Kwa osungunula aluminiyamu wa mapoto ameneyu si mlandu wamkuru. Kwa wopanga pulagi ndi tsoka. Pamoto waukuru soda amagwirizana ndi alumina napanga cinthu cina cochedwa beta. Dzinali ndi losokeretsa, pakuti oyamba kuciona anaciyesa mtundu wina wa alumina woyera, ndipo pambuyo pace ndi pamene kunadziwika kuti ndi alumina wokwatirana ndi soda. M'kati mwace maatomu anayalana ngati mphasa zosanjikiza, ndipo pakati pa mphasazo sodium amayenda momasuka atasenza magetsi. Pulagi yokhala ndi beta iri ngati mpanda wokhala ndi cipata cosatseka: injini ikazizira igwira nchito, ikatentha magetsi ayamba kudontha, moto wa kunsonga ufooka. Cifukwa cace ufa wa mapulagi abwino umaochedwa pamodzi ndi mankhwala a boron kapena a chloride, amene amakoka soda namturutsa, kufikira atatsala wosakwana gawo limodzi mwa 1,000.

Codabwitsa ndi cakuti cilema comweci cinasanduka cuma kwina. Akatswiri a kampani ya Ford anaona m'zaka za m'ma 1960 kuti cipupa cimene cilola sodium yekha kupita ndico cifunika m'mabatire a mtundu wina, ndipo ku Pretoria, m'zaka za m'ma 1980, Johan Coetzer ndi anzace anapanga nalo batire lochedwa Zebra.

Ufa ukayera sikuti nchito yatha. Alumina yekhayekha safuna kumamatirana kufikira moto utakula koopsa. Tsono opanga mapulagi amathira dala magawo 5 kufikira 10 mwa 100 a silika, ndiye mwini mcenga, pamodzi ndi laimu ndi magnesia. Pa madigiri ngati 1,600 zitatuzi zimasungunuka nizikhala madzi a galasi, amene amalowa pakati pa timibulu ta alpha, natikokera pamodzi, natseka mipata, monga matope pakati pa njerwa. Muyeso wace ndiwo luso lonse. Galasi likacepa pamatsala mphako zimene magetsi amaboolerapo. Likacuruka, kapena likakhala ndi soda, pulagi ifewa ikatentha. Mapulagi oyamba anali a dothi la mbale ndipo anali kusweka kawirikawiri. A alumina anayamba kufala m'zaka za m'ma 1930, pamene injini za ndege zinafuna kanthu kopirira koposa. Kunja pulagi yabwino ndi yacinyengo zimafanana kuyera, ndipo wogula alibe njira yoonera za m'kati. Cimene makaniko angathe kuona ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, kapena mzere wakuda wotsika m'mbali mwa mwalawo, posonyeza njira imene magetsi anathawira.

Pulagi yofooka siiononga petulo yekha, ndipo apa nkhani itembenuka. Magalimoto ambiri obwera ku Zambia kucokera ku Japan ali ndi kabokosi pa paipi ya utsi, pansi pa galimoto, kochedwa catalytic converter. Kanayamba kuikidwa pa magalimoto a ku America m'caka ca 1975. M'kati mwace muli cisa conga ca njuci, copakidwa alumina wa gamma, ndipo pa gamma ameneyu anawazapo pfumbi la platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo za mtengo wapatali zimene zambiri zimakumbidwa ku South Africa. Utsi woipa ukakhudza zitsulozi umapsa nutsala wosaopsa kwambiri. Pano timabowo tija timene wopanga pulagi amadana nato ndito tofunika. Galamu imodzi ya gamma, timabowo tace tonse titayalidwa, ikhoza kukuta malo a mamita 150 kufikira 200 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Magalamu 40 angakute bwalo lonse la mpira ngati la ku Independence Stadium. Gamma akasanduka alpha, bwalolo limacepa koposa kakhumi, ndipo platinum amakwiririka m'kati.

Motero amisiri a kabokosika amafuna mankhwala ocedwetsa, osati ofulumiza. Amathira pang'ono lanthanum kapena barium. Maatomu a zitsulo zimenezi ndi aakuru, salowa bwino m'nyumba yopanikizana ya alpha, ndipo amakhala pamwamba pa timibulu ta gamma natsekereza maatomu a aluminiyamu kuti asasunthe. Silika nayenso amacedwetsa. Ndi thandizo limeneli gamma amapirira zaka zambiri. Koma kupirira kuli ndi malire. Pulagi imodzi ikaleka kuthetheka, petulo wosapsa amatsikira m'paipi nakayakira m'cisa muja, kutentha kumapitirira madigiri 1,000, ndipo cimene mankhwala anacinga cicitika. Woyendetsa takisi amene amati injini ingodumphadumpha pang'ono, adzaikonza kumapeto kwa mwezi, ali kuocha cinthu ca mtengo woposa mapulagi ambirimbiri, ndipo palibe makaniko angacibweze.

Magnesia ali ndi mbiri yaceyace. Iye sasintha gamma kapena alpha kwenikweni. Amaletsa timibulu tina kukula mwaumbombo ndi kumeza mphako. Robert Coble wa kampani ya General Electric anapeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti gawo limodzi la magnesia mwa magawo 400 a alumina limacotsa mphako zonse, kotero kuti kuwala kumapyola. Kacubu ka alumina wotere ndiko kali m'kati mwa nyali zija za mumseu zowala mofiirira, pakuti nthunzi yotentha ya sodium imadya galasi. Nyali zoyera za LED zimene ziri kulowa m'malo mwace, zambiri zimamangidwa pa kambale ka safiro wopangidwa ndi anthu, ndiye alumina yemweyo.

Wina angayese kuti zonsezi ndi za maiko akutali, koma woumba njerwa amakumana nazo caka ciri conse. Komboni ya George, yoyandikana ndi Matero, inatenga dzina kwa mwini malowo amene anali ndi nchito youmba njerwa pamenepo. Dongo loyera lenileni liri ndi alumina magawo pafupifupi 40 mwa 100, lotsalalo ndi silika ndi madzi. Pa madigiri ngati 550 madzi omangika amacoka, ndipo kuyambira pamenepo dongo silingabwererenso kukhala matope. Ndico cifukwa cace mbiya yoocha isunga madzi pamene yoanika padzuwa isungunuka. Pa madigiri 573 mcenga wa m'dongo umatupa mwadzidzidzi, nufwamphukanso pozizira, ndipo mbiya zambiri zimasweka pamenepo ngati moto wakolezedwa mofulumira kapena mphepo yozizira yaziomba. Kupitirira madigiri 1,000 alumina ndi silika amayamba kupanga tisingano tolimba tochedwa mullite, dzina locokera ku cisumbu ca Mull ku Scotland. Moto wa nkhuni sufika kawirikawiri pamenepo. Cimene cimalimbitsa njerwa ya kumudzi ndi mankhwala amene dothi linabadwa nao: dzimbiri la citsulo limene limaifiiritsa, ndi mcere wonga wa m'phulusa. Zimenezi zimasungunuka msanga nizimata timibulu. Pafupi ndi khomo la moto zimasungunuka mopitirira, ndipo njerwa za pamenepo zimaturuka zakuda, zonyezimira, zopindika.

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa mwala wa laimu, umene amai a ku Kanyama ndi ku Chawama amaphwanya ndi nyundo m'mbali mwa miseu. Laimu wosalala wosakanizika bwino m'dongo alibe bvuto. Koma kamwala ka laimu kotsala m'njerwa kamapsa pa madigiri ngati 900 nikasanduka laimu waukali. Njerwayo ituruka m'ng'anjo yooneka bwino, igulidwa, imangidwa m'cipupa. Mvula ikagwa kamwalako kamamwa madzi, kamatupa, nikaphulitsa nkhope ya njerwa, pakati pa bala pakuoneka kadontho koyera. Woumba wosamala amasefa dothi lace, ndipo wogula wocenjera amayamba wamiza njerwa zingapo m'madzi masiku awiri kapena atatu asanalipire.

Ku migodi mlandu womwewu umakula, cifukwa kumbuyo kwa njerwa kuli mkuwa wosungunuka ndipo patsogolo pace pali anthu. Njerwa za alumina zimapirira moto woposa umene ng'anjo ya mkuwa ifuna, koma moto si mdani yekha. Silagi wa mkuwa, pa madigiri 1,200 ndi kupitirira, ndi wodzala ndi dzimbiri la citsulo ndi silika, zomwe zija zimasungunula njerwa ya kumudzi. Akakhudza njerwa ya alumina ndi dongo amaidya monga madzi amadya mcere. Cifukwa cace ng'anjo zosungunulira mkuwa, monga za ku Mufulira ndi za ku Kansanshi zimene zinayamba mu 2015, ndi za mtundu umene malo okhudza silagi amayalidwa makamaka ndi njerwa za magnesia ndi kromu, ndipo za alumina zimasungidwira malo amene silagi safikako. M'ng'anjo za sementi, monga ija inatsegulidwa ku Chilanga mu 1951, mdani wa njerwa za alumina ndi nthunzi ya soda ndi potashi. Imalowa m'timabowo ta njerwa, nipanga m'katimo beta ndi miyala yina yotenga malo ambiri koposa, ndipo nkhope ya njerwa imatupa niyamba kusendeka zigamba.

Ndico cifukwa cace omanga ng'anjo saloledwa kusakaniza njerwa za mitundu iwiri mwacisawawa ngakhale zifanane kukula, kapena kuumba matope ao ndi mcenga wotola panja. Ndipo ng'anjo ikayalidwa mwatsopano siikolezedwa tsiku limodzi. Moto umakwezedwa pang'onopang'ono, maola ambiri kapena masiku, nuimitsidwa pa madigiri ena olembedwa pa pepala, kuti madzi acoke ndi kuti kutupa kuli konse kuthe kusanayambe kwina. Wanchito woyang'anira muyeso wa kutentha usiku wonse, ng'anjo iri yopanda kanthu, amalemba madigiri ola liri lonse, ndipo mwala wa mkuwa suthiridwa kufikira mzere wa pa pepalalo utafika kumapeto.